Wachira, Koma Mtima Sunachire: Chithandizo cha Kukhumudwa ndi Nkhawa Mwana Atabadwa

Mayi akabereka timati wachira. Ku mbali ya thupi mawuwa ndi oona: mimba yatha, mwana akuyamwa, achibale akubwera ndi ufa, sopo ndi nsalu. Koma alipo amayi amene matenda awo amayamba m'masabata omwewo amene aliyense akuwauza kuti achira. Bungwe la World Health Organization limanena kuti m'mayiko ongotukuka kumene, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amene angobereka amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa. Abambo nawonso sapulumuka. Kafukufuku wa mu 2010, amene anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti bambo mmodzi mwa khumi amakhumudwa mkazi wake akakhala woyembekezera kapena mwana akabadwa, ndipo vutoli limakula kwambiri mwana akakhala ndi miyezi 3 mpaka 6.

Matendawa amachizika, ndipo njira zambiri zowachizira sizilira dokotala wamkulu. Zimalira dongosolo: kudziwa vuto lenileni, kuliyeza, kusankha njira, kenako kuyezanso pakatha masabata 4 kapena 6 kuti zioneke ngati njirayo ikugwira.

Misozi ya sabata yoyamba ndi matenda enieni

Nsengwa ikangotuluka, mahomoni a estrogen ndi progesterone, amene anakwera kwambiri pa nthawi ya mimba, amatsika mwadzidzidzi. Ndiye kuyambira tsiku lachitatu kufika lachisanu, mkaka ukubwera, mawere akupweteka, mayi akadali m'chikuta, amayi pafupifupi theka kapena kuposa amalira popanda chifukwa, amapsa mtima msanga, kenako n'kusekanso. Pachingerezi amati baby blues. Zimatha zokha pasanathe masabata awiri. Mankhwala ake ndi tulo, chakudya ndi munthu womulandira mwana.

Kukhumudwa kwa matenda kumaposa masabata awiri ndipo kumakhalapo pafupifupi tsiku lonse. Mayi sakondwa ndi chilichonse, ngakhale zimene ankazikonda. Mwana akagona iye tulo sabwera, kapena amadzuka 3 koloko m'bandakucha n'kumangoyang'ana kudenga. Chakudya sichikoma. Amadziona wachabechabe, amati mwanayu akanakhala bwino ndi mayi wina. Ena amamusamala mwana bwinobwino koma mumtima osamva kanthu, ndipo zimenezi zimawachititsa manyazi kwambiri moti sauza munthu. Kukhumudwaku kungayambe nthawi iliyonse m'chaka choyamba, ndipo kwa amayi ambiri kumakhala kuti kunayamba ali ndi pakati.

Kuchipatala ndi ochepa amene amafika n'kunena kuti akhumudwa. Amati mutu ukulemera, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, kapena akuganiza kwambiri. Akayezedwa malungo n'kupezeka alibe, amabwerera ndi panado. Mayi amene wabwera katatu ndi madandaulo otere mwana asanathe miyezi 6 ayenera kufunsidwa za tulo, za chimwemwe ndi za pakhomo.

Nkhawa ili ndi nkhope zingapo. Ina ndi yodera chilichonse: mwana akupuma kodi, mkaka ukukwana kodi, liwombo latsika kodi. Ina imabwera ngati chimphepo, mtima kugunda kwambiri, mpweya kubanika, manja kuchita dzanzi, munthu n'kuona ngati akufa, ndipo imafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10 kenako n'kutsika. Ina ndi ya maganizo oopsa ongodzibwerera: chithunzi cha mwana akugwa m'manja, akumira m'beseni, kapena mpeni wa kukhitchini. Inanso imatsatira uchembere wovuta, monga kutaya magazi ambiri, opaleshoni yadzidzidzi kapena kukalipiridwa pobereka, ndipo mayi amalota zomwezo, amanjenjemera akamva fungo la chipatala, mpaka kuthawa sikelo.

Pali mtundu wina umene suyenera kudikira uphungu. Amayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000 amasokonezeka mutu, kawirikawiri m'masabata awiri oyamba. Mayi sagona masiku angapo koma satopa, amalankhula mosalekeza kapena mosagwirizana, amamva mawu amene ena sakuwamva, amakhulupirira kuti mwana wasinthidwa kapena ndi chiwanda. M'mawa angaoneke bwino, madzulo n'kusintha. Ameneyu apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha ndi mwana ngakhale kwa mphindi zochepa. Kupemphera sikuletsedwa, koma kuchitike ali pa njira ya kuchipatala. Akalandira mankhwala msanga, ambiri amachira kotheratu.

Kuyeza

Chida chodziwika kwambiri ndi Edinburgh Postnatal Depression Scale, mwachidule EPDS, chimene John Cox ndi anzake anatulutsa ku Scotland mu 1987. Chili ndi mafunso 10 okhudza masiku 7 apitawa. Yankho lililonse limapatsidwa 0, 1, 2 kapena 3, ndiye zonse pamodzi sizipitirira 30. Zipatala zambiri zimati 13 kapena kuposa ndi chizindikiro choti kukhumudwa kulipo, zina zimatsitsa malirewo kufika pa 10 kuti zisaphonye odwala. Funso lachitatu, lachinayi ndi lachisanu limagwira nkhawa. Funso lakhumi limafunsa za kudzivulaza, ndipo yankho lililonse loposa 0 liyenera kukambidwa pomwepo, ngakhale mayi atapeza 4 pa mafunso onse. Ku Malawi, Robert Stewart ndi anzake anayesa mafunso ena oyezera maganizo, otchedwa SRQ-20, m'Chichewa kwa amayi a ku Thyolo, kenako EPDS kwa amayi oyembekezera ku Mangochi. Ku Thyolo komweko anapezanso kuti ana a amayi ovutika maganizo ankakhala aafupi poyerekeza ndi miyezi yawo yakubadwa. Choncho nkhani ya maganizo a mayi ndi nkhaninso ya sikelo.

Nambala yokha siuza matenda. Imangosonyeza amene afunika kukhala naye pansi. Ndipo mafunsowa akafunsidwa pamzere, apongozi ali pambali, aliyense amayankha kuti ali bwino.

Asanayambe chithandizo cha maganizo, thupi liyezedwe. Kuchepa kwa magazi pambuyo potaya magazi ambiri kumabweretsa kufooka, chizungulire ndi mtima kuthamanga, zofanana ndendende ndi nkhawa. Chithokomiro chimatha kutupa m'miyezi yoyamba: poyamba chimagwira ntchito mopitirira, mayi n'kumanjenjemera ndi kutuluka thukuta, kenako chimafooka, iye n'kumangogona ndi kuzizidwa. Mayi wosokonezeka mutu amene thupi likutenthanso angakhale ndi malungo kapena matenda a m'chiberekero, ndipo zimenezo zimapha msanga. Amene akumwa ma ARV anene kuti ndi ati, chifukwa efavirenz amabweretsa maloto oipa ndi kukhumudwa kwa ena, ndipo dolutegravir amasowetsa tulo ena. Asawasiye okha, akambirane ndi a ku kiliniki.

Uphungu si kulangiza

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokoneza. Kwathu malangizo sasowa. Anamkungwi, ankhoswe, amayi a mvano ndi apongozi onse amadziwa zoti anene: limbani mtima, thokozani Mulungu kuti mwana ali moyo, ana a anzanu akufa. Mawuwa amachokera pa chikondi, koma munthu wokhumudwa amawamva ngati mlandu wina. Amaganiza kuti ngati akulephera kuthokoza ndiye kuti ndi woipadi.

Uphungu wochiza umayenda mosiyana. Phungu amafunsa kwambiri kuposa kunena. Pamakhala chiwerengero cha maulendo, nthawi yokhazikika, ntchito yokachita kunyumba, ndiponso kuyeza koyamba ndi komaliza. Mayi ndi amene amasankha zochita. Njira zitatu ndi zimene zayesedwa mokwanira.

Yoyamba ndi CBT, imene imagwira pa mgwirizano wa zimene munthu akuganiza, mmene akumvera ndi zimene akuchita. Kawirikawiri imatenga maulendo 8 mpaka 16, kamodzi pa sabata, ulendo uliwonse mphindi 45 mpaka ola. Ku Pakistan, Atif Rahman anaikonza kuti igwiritsidwe ntchito ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi ya ku Rawalpindi, ndipo anaitcha Thinking Healthy. Zotsatira zake zinatuluka mu 2008: patatha miyezi 6, amayi 23 mwa 100 amene analandira uphunguwu anali akadali okhumudwa, pomwe mwa amene sanalandire anali 53 mwa 100. World Health Organization inatulutsa buku lake mu 2015. Lili ndi maulendo 16, kuyambira mimba ili yaikulu mpaka mwana atakwana miyezi 10, ndipo limazungulira pa zinthu zitatu: thanzi la mayi, ubale wake ndi mwana, ndi ubale wake ndi anthu omuzungulira.

Mkati mwa ulendo mumachitika izi. Tiyerekeze mwana akulira usiku ndipo mayi akuti ndi chifukwa choti iye ndi mayi wolephera. Phungu samutsutsa. Amafunsa: "Mayi, kodi mwanayu ku sikelo anakwera kapena anatsika? Mchemwali wanu mwana wake akalira usiku, mungamuuze kuti ndi wolephera?" Amamuuzanso chinthu chimene makolo ambiri sadziwa, choti ana ambiri amalira kwambiri akafika masabata 6 ndipo kulirako kumachepa cha pa miyezi 3 kapena 4. Kenako mayi amapanga yekha ganizo lina limene angalikhulupirire. Lisakhale lokoma mopitirira, monga lakuti ndine mayi wabwino kuposa onse, chifukwa sangalivomere. Likhale loona: mwana akulira chifukwa ndi wakhanda, ndamuyamwitsa, ndamusintha thewera, ndatopa koma ndikumusamala. Ntchito ya kunyumba ndi kuligwiritsa ntchito usiku uliwonse n'kudzanena mmene zinayendera.

Mbali ina ya CBT, imene nthawi zambiri imayamba kugwira msanga, ndi kubwezeretsa zochita. Munthu wokhumudwa amadikira kuti mtima ufune kaye, koma pa matendawa mtima umatsatira miyendo. Amasankha chinthu chimodzi chaching'ono chosangalatsa ndi chimodzi chofunika, n'kuika tsiku ndi nthawi: Lachiwiri 4 koloko kukhala pakhonde la anansi kwa mphindi 15, Lachinayi m'mawa kusamba ndi kupesa tsitsi mwana ali ndi agogo ake. Cholakwika chofala ndi kuyamba ndi zazikulu. Mayi amene wakhala m'nyumba mwezi wathunthu akauzidwa kuti abwerere ku kwaya ndi ku banki mkhonde sabata yomweyo amalephera, ndipo kulepherako kumatsimikizira zimene amadziganizira kale.

Njira yachiwiri ndi yothetsa mavuto limodzilimodzi. Imeneyi ndiyo maziko a Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu Harare mu 2006, pogwiritsa ntchito agogo aakazi ophunzitsidwa amene amakhala pabenchi kunja kwa kiliniki. A Chishona vutoli amalitcha kufungisisa, kumene ndi kuganiza kwambiri komwe timanena ife. Ndi maulendo 6. Kafukufuku wake wa mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 14 mwa 100 amene anakhala pabenchi anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, poyerekeza ndi 50 mwa 100 a gulu limene silinalandire uphunguwu. Njirayi yayesedwanso ku Malawi, kuphatikizapo kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachilombo ka HIV ku Lilongwe.

Imagwira chifukwa chakuti mavuto a mayi wokhumudwa amakhala atamangana mtolo umodzi umene iye amangoutcha "zonse". Ntchito yoyamba ndi kumasula mtolowo: ngongole ya lendi, mwamuna wosabwera kunyumba, kusagona, apongozi olamula, bala la opaleshoni lopweteka. Kenako amapatula zotheka kusintha ndi zosatheka, n'kusankha limodzi, osati lalikulu kwambiri, koma limene lingasunthe sabata ino. Vutolo amalinena mwachindunji. "Palibe amandithandiza" silingathetsedwe, koma "ndilibe wotunga madzi m'mawa" lingathe. Mayi amatchula njira zonse zimene zabwera m'mutu, ngakhale zooneka zopusa, popanda kuziweruza. Akatero amayesa ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, amasankha imodzi, n'kunena kuti achita chiyani, liti, ndi ndani. Ulendo wotsatira umayamba ndi funso loti zinayenda bwanji. Zikakanika sakalipiridwa, amaona chinatchinga n'chiyani. Phungu akangoyamba kupereka mayankho yekha, chithandizo chasanduka malangizo, ndipo mayi amavomera mwaulemu n'kukasiya zonse pachipata.

Njira yachitatu ndi IPT, imene imayang'ana maubale. Imati kukhumudwa kumayamba pa chimodzi mwa zinthu zinayi: imfa, mkangano, kusintha kwa moyo, kapena kusungulumwa. Kubereka kungabweretse zonsezi pakamodzi. Mtsikana wa zaka 17 amene wasiya sukulu wataya anzake ndi tsogolo limene ankaliona. Mayi wa bizinesi wataya ndalama zake ndipo tsopano akupempha ya mchere. Banja likukangana za nthawi yoyambiranso kugona limodzi, makamaka pamene achikulire akuti dikirani mpaka mwana atengedwe, mwamuna n'kuyamba kuchedwa kunja. Pa IPT amatenga mkangano umodzi weniweni n'kuusanthula: munanena chiyani, iwo anayankha chiyani, mumafuna amve chiyani. Kenako amayeserera pomwepo mmene angakanenere. Njirayi inayesedwa m'magulu ku Masaka ndi Rakai ku Uganda, zotsatira zinatuluka mu 2003, ndipo buku la World Health Organization la mu 2016 linaifupikitsa kukhala maulendo 8. Ku Zambia bungwe la StrongMinds limaigwiritsa ntchito m'magulu a amayi.

IPT ndi yofunika kwambiri kwa mayi amene mwana wake anabadwa wakufa kapena anamwalira m'masiku oyamba. M'madera ambiri mwana wotere amaikidwa mwachangu ndi amayi okha, popanda maliro ngati a munthu wamkulu, ndipo mayi amauzidwa kuti asalire, adzabereka wina. Mawere ali odzaza mkaka, manja opanda kanthu. Chisoni chimene chaletsedwa chotere chimatha kudzatulukira pa mimba yotsatira.

Nkhawa ili ndi msampha wake

Pa nkhawa, chimene chimatonthoza lero ndi chimene chimaikulitsa mawa. Mayi amene amadzuka kakhumi kuona ngati mwana akupuma amapeza mpumulo wa mphindi zochepa, koma ubongo umaphunzira kuti mwanayo wapulumuka chifukwa cha kuonako. N'chimodzimodzi kufunsa mwamuna kambirimbiri kuti mwana ali bwino kodi, kapena kufufuza zizindikiro za matenda pa intaneti usiku. Chithandizo chake ndi kuchepetsa pang'onopang'ono: kuchoka pa kakhumi kufika pa kasanu ndi kawiri sabata yoyamba, kenako kanayi, mpaka kutsala nthawi zoyamwitsa zokha. Akalumpha kuona, nkhawa imakwera, kenako imatsika yokha. Kuona kutsikako ndi maso ake ndiko kumachiza. Achibale amauzidwa kuti ayankhe kamodzi, osati kakhumi.

Maganizo oopsa ongodzibwerera aja amafika kwa makolo ambiri, abambo omwe. Chosiyanitsa ndi ichi: mayi wa nkhawa amanyansidwa nawo, amadziwa kuti ndi oipa, amabisa mipeni, amakana kusambitsa mwana. Ameneyu si woopsa kwa mwana, ndipo kumulanda mwana kumakulitsa matenda. Mayi wosokonezeka mutu amawakhulupirira, amawaona ngati lamulo kapena vumbulutso. Woyamba amathandizidwa kubwerera ku zimene akuthawa, sitepe ndi sitepe: kuonerera mwana akusambitsidwa, kusambitsa wina ali pambali, kusambitsa wina ali panja, kenako yekha. Wachiwiri ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Kusiyanitsaku achite munthu wophunzitsidwa, koma namwino amene wamva mawu akuti "ndimaona ngati ndimugwetsa" asadzidzimuke pamaso pa mayi, chifukwa sadzanenanso.

Kwa chimphepo cha mantha chija, amaphunzitsa kupumira m'mimba, masekondi atatu kukoka mpweya, atatu kutulutsa, kwa mphindi zingapo. Ayambe kuzolowera pamene ali bwino, kawiri pa tsiku. Amene amayesa koyamba mantha atafika kale amati sizigwira. Kwa amene anavulala mumtima ndi uchembere wovuta, pali CBT yolunjika pa chochitikacho ndi njira ina yotchedwa EMDR. Kumukakamiza kufotokoza zonse kamodzi kokha, masiku oyamba, sikuthandiza.

Mankhwala ndi kuyamwitsa

Kukhumudwa kukakhala kochepa, uphungu wokha umakwana. Kukakhala kwakukulu, mayi sakudya, sakutha kudzuka, akuganiza zodzipha, kapena uphungu wayesedwa osathandiza, mankhwala amafunika, ndipo amagwira bwino akaphatikizidwa ndi uphungu. Kuyamwitsa sikuyenera kusiyidwa.

Amene madokotala amakonda kwa mayi woyamwitsa ndi sertraline, chifukwa amalowa mumkaka pang'ono kwambiri. Amayamba ndi 50 mg pa tsiku, kapena 25 mg kwa masiku angapo ngati nkhawa ili yaikulu, ndipo angakwezedwe mpaka 200 mg. M'zipatala za boma opezeka kawirikawiri ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Fluoxetine amayamba pa 20 mg m'mawa. Amakhalitsa m'thupi ndipo amalowa mumkaka kuposa sertraline, choncho mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wa masabata ochepa ayang'aniridwe ngati akuvuta kwambiri, sakuyamwa bwino kapena sakukwera sikelo. Amitriptyline amayamba pa 25 mg usiku n'kukwezedwa pang'onopang'ono, nthawi zambiri kufika 75 mg kapena kuposa. Ambiri amasiyidwa pa 25 mg kwa miyezi, mlingo umene umagonetsa koma suchiza kukhumudwa. Amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, amachititsa chizungulire podzuka, ndipo ndi oopsa kwambiri akamwedwa ambiri, kotero kwa munthu woganiza zodzipha aperekedwe a sabata imodzi, asunge wachibale. Mlingo uliwonse asankhe ndi dokotala. Kubwereka mapiritsi a mnzako kapena kugula pamsika n'kudziika pangozi.

Mankhwalawa amayamba ndi zoipa, zabwino zimabwera pambuyo. Sabata yoyamba pamakhala nseru, mutu, nthawi zina nkhawa kuwonjezeka. Kusintha kumayamba kuoneka pa masabata 2 mpaka 4, ndipo mphamvu yonse pa masabata 6 kapena kuposa. Amene sanauzidwe zimenezi amasiya tsiku lachisanu. Ena amasiya mwezi wachiwiri chifukwa apeza bwino, matenda n'kubwerera. Malangizo a World Health Organization a mu 2016 anati apitirize miyezi 9 mpaka 12 zizindikiro zitatha, ndipo posiya achepetse pang'onopang'ono kwa masabata osachepera anayi. Achinyamata osakwana zaka 25 aonedwe pafupipafupi m'masabata oyamba, chifukwa kwa ena maganizo odzivulaza amakwera asanatsike.

Dokotala asanalembe mankhwalawa afunse ngati mayi anakhalapo masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu zambiri, akulankhula kwambiri ndi kuwononga ndalama, kapena ngati m'banja muli wa matenda oterewa, otchedwa bipolar. Kwa munthu wotere mankhwala a kukhumudwa okha angamusokoneze mutu. Diazepam asapitirire masiku ochepa: amazolowereka, amafooketsa mwana kudzera mumkaka, ndipo mayi amene wamwa mankhwala ogonetsa asagone mphasa kapena bedi limodzi ndi khanda. Sodium valproate, amene amaperekedwa pa matenda a bipolar ndi khunyu, amatha kupundula mwana m'mimba, kotero si woyenera kwa mayi amene angatengenso pakati. Ku America kuli zuranolone, amene anavomerezedwa mu 2023 ndipo amamwedwa masiku 14 okha, koma mtengo wake ndi wosafikirika kwa ambiri.

Tulo, ndi ntchito ya apakhomo

Uphungu ndi mankhwala zimavutika kugwira pa munthu amene sagona. Cholinga ndi maola 4 kapena 5 otsatizana, osadukiza, usiku uliwonse. Mayi ayamwitse cha m'ma 8 koloko, afinyire mkaka m'kapu yoyera yovundikira, akagone chipinda china. Bambo, agogo kapena mchemwali akhale ndi mwana, akadzuka amumwetse ndi kapu, n'kumubweza kwa mayi cha m'ma 1 koloko. Mkaka wofinya umakhala bwino pafupifupi maola 4 popanda firiji. Alendo oona mwana apatsidwe nthawi, ndipo wobwera asayembekeze kuphikiridwa ndi mwini chikuta.

Abambo

Kukhumudwa kwa bambo sikuonekera m'misozi kawirikawiri. Kumaonekera m'kupsa mtima, mowa, kubetcha, kuchedwa kuntchito mwadala, mutu ndi msana wosatha. Chimene chimabweretsa vutoli kwambiri ndi kukhumudwa kwa mkazi wake, choncho mmodzi akapezeka nako winayo afunsidwenso. Ngongole ndi kusowa ntchito zimawonjezera. Njira zochizira ndi zomwezi, ndipo abambo ambiri amalandira msanga ya kuthetsa mavuto limodzilimodzi chifukwa siyamba ndi funso loti mukumva bwanji mumtima. Vuto ndi loti palibe pamene amakumana ndi chipatala, popeza sikelo timaiona ngati ya amayi. Lamulo la ntchito ku Malawi, litasinthidwa mu 2021, limapatsa bambo masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu. Masabata awiriwo ndi omwewo amene kusokonezeka mutu kwa mayi kumayambira, ndipo munthu wogona naye nyumba imodzi ndi amene angaone msanga.

Zikapanda kuyenda

Pakatha masabata 4 mpaka 6 mafunso a EPDS aja afunsidwenso. Nambala ikatsika ndi theka, njirayo ipitirire. Ikapanda kusuntha, pafufuzidwe chifukwa: mapiritsi akumwedwadi, mlingo ndi wokwana, maulendo akulumphidwa chifukwa cha ndalama ya minibasi, magazi ndi chithokomiro zinayezedwa, pali mowa. Ndipo pafunsidwe, mayi ali yekha, ngati akumenyedwa kapena kukakamizidwa kugonana. Kuphunzitsa mkazi womenyedwa kusintha maganizo ake n'kumulakwira, ndipo kumuyitanira mwamunayo ku uphungu wa banja kungamuike pangozi. Choyamba ndi chitetezo, kudzera ku One Stop Centre ya pachipatala kapena ku Victim Support Unit ya polisi.

Kufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa ganizolo. Akavomera, afunsidwe ngati wakonza njira ndi nthawi. Mankhwala ophera tizilombo ndi makoswe, mapiritsi ndi zingwe zichotsedwe pakhomo, pakhale munthu wamkulu usana ndi usiku, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Poyambira ndi pafupi: kwa namwino pa ulendo wa sabata yoyamba kapena wa masabata 6, kapena ku sikelo pa katemera wa masabata 6, 10 ndi 14. Zipatala za maboma zili ndi anamwino kapena madokotala a matenda a maganizo. Ofunika chithandizo chachikulu amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amene ali kutali angayambe ndi Chipatala cha pa Foni.

Mayi amene wachira auze azamba pa ulendo woyamba wa sikelo ya mimba yotsatira, ndipo zilembedwe m'buku lake la kuchipatala: anadwala liti, anamwa mankhwala ati, pa mlingo wanji, ndipo chizindikiro choyamba chinali chiti. Kwa amene anasokonezeka mutu, pafupifupi mmodzi mwa atatu kapena kuposa amadwalanso pa uchembere wina, choncho dokotala wa maganizo amuone mimba isanakwane miyezi 8, agwirizane za mankhwala oyamba tsiku lobereka, ndipo atchule dzina la munthu amene adzagone ndi mwana masabata awiri oyamba.